Lachinayi Limene Ndinabisa mu Seva

1

Seva yathu inaima Lolemba m'mawa, ine ndikuthira shuga mu tiyi. Ndinamaliza kutakasa kaye. Ndagwira ntchito ya makompyuta zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindinaonepo seva ikudzuka chifukwa choti munthu wathamanga.

Ndimagwira pa kampani yojambula mapulani a nyumba. Eni ake ndi alamu anga, achimwene ake a malemu mkazi wanga. Antchito onse amanditchula kuti a Mawaya, kupatula alamuwo, amene amati "alamu" zinthu zikamayenda, ndi "bambo inu" zikaima.

"Bambo inu!" anakuwa ali pa masitepe. "Makompyuta onse auma. Ndikulipira anthu khumi ndi anayi kuti azidziyang'ana nkhope pa sikirini?"

Kuseri kwa khitchini yathu kuli kachipinda kozizira, ndipo seva imakhala mmenemo. Pa desiki ya wantchito aliyense pali sikirini ndi kiyibodi basi. Kompyuta yake yeniyeni ilibe thupi, ili m'mimba mwa seva, pamodzi ndi zinzake khumi ndi zitatu. Zonsezo zimasunga katundu pa disiki imodzi. Disikiyo ikadzaza, zonse zimaima pamodzi, mogwirizana kuposa mmene antchito ake anagwirizanirapo pa chilichonse.

Inali itadzaza mpaka pakamwa. Ndinafufuta timapulogalamu takale, n'kupeza kampata, makompyuta n'kuyambanso kupuma. Koma pulani ya nyumba yogona ana a sukulu, imene ojambula anavutika nayo miyezi iwiri, inali pakati posungidwa pamene zinthu zinaima. Itatsegulidwa, munali mizere itatu ndi chimbudzi chimodzi.

"Palibe vuto," anatero alamu, akundisisita paphewa. "Tili ndi bakapu. Mwezi uliwonse alamu angawa amandipatsa lipoti lobiriwira ngati dimba. Bwezerani ya dzulo."

Bakapu ndi kope la ntchito yonse limene limasungidwa pambali, kuti tsiku ngati limeneli munthu asalire. Yathu yomaliza kutheka inali ya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Lipoti lobiriwiralo ndinkalikongoletsa ndekha, ndipo ndinene mosadzitama kuti linkaoneka bwino.

2

Alamu atamva za miyezi isanu ndi iwiri, anakhala pampando wa alendo, umene sakhalapo chifukwa amaudziwa mtengo wake.

"Chadzaza disiki n'chiyani?" anafunsa motsitsa mawu, antchito onse ataima pakhomo ngati abwera kudzaona ngozi.

Ndinawaonetsa mndandanda wa makompyuta onse ndi malo amene iliyonse yadya. Imodzi yokha inali itadya kuposa theka la disiki. Inali ya mlembi.

Mlembi wathu ndi mayi wa ana awiri, amene anabwera zaka ziwiri zapitazo kudzakhala pa desiki yakutsogolo, pamene pankakhala mkazi wanga. Loweruka amaphika makeke a maukwati, ndipo aliyense ankadziwa kuti zithunzi za makekewo amazisunga pa kompyuta ya ku ntchito.

"Mwina ndi zithunzi," ndinatero, ndikuyang'ana nsapato zanga. "Zithunzi zimalemera."

Sindinaname kwenikweni. Ndinati "mwina". Ndife anthu ophunzira, bodza lathu limavala tayi.

"A Mawaya," anatero mlembi, manja ali m'chiuno, "zithunzi zanga zilipo mazana awiri. Zomwezo zili mu foni iyi yosweka galasi, ndipo malo a nyimbo atsalabe. Mukundiuza kuti chimakina chanu chogona mu eyakoni ndi chaching'ono kuposa foni yanga?"

"Zimenezi ndi zovuta kufotokoza, mayi."

"Eya, zikafika pa ife osaphunzira zimavuta kufotokoza."

Alamu sanafune kumva zambiri. Anali atapeza munthu woti amukwiyire, ndipo bwana akapeza ameneyo mutu umasiya kupweteka.

"Mayi, Lachisanu mudzatenge kalata yanu. Kampani yanga si bekare." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inunso musapume. Ndaitana katswiri woti adzaone zonsezi."

"Katswiri wake uti?"

"Mwana wanu. Si paja mumati anakuposani?"

Sindinanenepo zimenezo kwa munthu aliyense. Koma zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake tiyi uja sindinamumwe.

3

Mwana wanga wamkazi amayang'anira maseva pa kampani ina yaikulu. Chimwalirireni mayi ake, tinkalankhulana kamodzi pa mwezi pa foni, za mvula ndi za mapiritsi anga a BP. Zikatha ziwirizo tinkatsanzikana mwaulemu ngati anthu okumana pa banki.

Anafika Lachitatu masana, laputopu ili kumsana. Anapereka moni kwa amalume ake, anapereka moni kwa mlembi, amene anali atayamba kale kulongedza makapu ake m'katoni, kenako anakhala pampando wanga osapempha.

"Adadi, bakapu ikalephera, seva imatumiza imelo kwa amalume ndi kwa inu. Maimelowo ali kuti?"

"Mwina anasochera."

"Asochera bwino. Onse mazana awiri ndi khumi asocherera mu foda imodzi yotchedwa 'Zina ndi Zina'. Ali ndi mwambo maimelo anu."

Ndinati ndikabweretse tiyi. Anati ndikhale pansi.

Apa ndikufotokozereni chinthu chimodzi, owerenga, chifukwa mlandu wanga wonse wagona pamenepa. Seva imatha kujambula kompyuta yopanda thupi ija mmene ilili pa mphindi imeneyo. Ife timati sinapushoti. Zili ngati zimene amachita ojambula athu: amayala pepala loonekera pamwamba pa pulani, ndipo zosintha zonse amazilemba papepala lapamwambalo, pulani yapansi osaikhudza. Ukafuna kubwerera, umataya lapamwamba. Ukakhutira, umafufuta sinapushoti, zapamwamba zonse n'kulowa mu pulani yapansi, ndipo maonekedwe akale aja amapita osabweranso. Vuto lake ndi lakuti pepala lapamwambalo limanenepa tsiku ndi tsiku.

Pulogalamu ya bakapu nayo imayala pepala lake, kukopera, kenako n'kulichotsa. Pa kompyuta ya mlembi inkayala koma kuchotsa kunkaikanika, chifukwa pansi panali kale mtolo wolemera. Inkasiya pepala lake pompo, mawa n'kuyalanso lina. Malo atachepa, bakapu ya makompyuta enanso inayamba kugwa.

"Makumi atatu ndi limodzi," anawerenga mwana wanga. "Masinapushoti otsalira, ounjikana ngati mbale za m'nyumba ya mbeta. Adadi, munandiphunzitsa ndinu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kuti sinapushoti si bakapu, isagone masiku atatu. Munandilembetsa kakhumi m'kope."

"Unali ndi dzanja labwino."

"Mankhwala ake ndi batani limodzi ili. Fufuta zonse. Ngakhale wophunzira ntchito wa sabata imodzi amalidziwa."

Anasuntha mausi. Ndinamugwira dzanja. Sindinamugwirepo dzanja chichokereni ku manda.

Anandiyang'ana, kenako anatsitsa mndandandawo mpaka pansi penipeni. Sinapushoti yoyamba sinali ya pulogalamu ya bakapu. Inali yopangidwa ndi munthu, ndipo dzina lake linali OSAKHUDZA. Anawerenga deti lake. Anachotsa dzanja pa mausi pang'onopang'ono, ngati yatentha.

"Tsekani chitseko, Adadi."

4

Linali Lachinayi, zaka ziwiri ndi miyezi inayi yapitayo. Mkazi wanga anadzuka pa desiki yake nthawi ya nkhomaliro, nati mutu ukumupweteka, akupita kuchipatala, abwera posachedwa. Juzi yake anaisiya pampando. Anagonekedwa tsiku lomwelo, ndipo patatha masiku asanu ndi anayi tinamuika m'manda.

Nditabwerera ku ntchito, alamu anandiuza kuti ndikonze kompyuta ya desiki yakutsogolo, kukubwera mlembi watsopano. Ndinapeza ikadali yoyaka mmene anaisiyira. Pa sikirini panali kalata yosamaliza, yosasungidwa, kamzere kaja kakuphethira kumapeto. Maso anga anagwera pa mzere woyamba:

"Amuna anga, ndaganiza zokulemberani chifukwa pakamwa zandikanika."

Ndinayang'ana kudenga. Denga lathu lili ndi matailosi makumi anayi ndi awiri, ndinawawerenga kawiri.

Tinakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinamumenyepo, sindinagonepo kunja, malipiro ndinkabwera nawo onse. Ndinkadziona ngati mwamuna wabwino, monga mmene firiji imakhalira yabwino: siivuta, ndipo ndi yozizira. Mkazi akalembera mwamuna wotere kalata yoyamba choncho, mkatimo mungakhale chiyani? Kuti akuchoka? Kuti pali wina amene amayankha akafunsidwa? Kuti zaka zonsezo anangopirira?

Mwamuna wolimba mtima akanawerenga. Wamantha wamba akanafufuta. Ine, wamantha wophunzira, ndinajambula sinapushoti yogwira chilichonse, ngakhale zimene zinali pa sikirini zosasungidwa. Kenako ndinatseka kalatayo. Kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kuisunga. Ndinadina kuti ayi.

"Bwanji simunangoisunga ngati fayilo?" anafunsa mwana wanga. "Masekondi awiri."

"Fayilo imatseguka, mwanawe. Tsiku lina ndikanaitsegula."

"Ndiye munaiika poti kuti muiwerenge, muyenera kubweza kompyuta yonse ku tsiku limenelo, n'kutaya ntchito yonse ya mlembi."

"Eya."

"Ndipo kuti mukonze bakapu, muyenera kuifufuta."

"Eya."

"Ndiye munamanga chitseko chosatseguka, n'kukhala pakhomo pake zaka ziwiri ngati mlonda, kampani ya amalume ikumira, inu mukupenta malipoti." Anapukusa mutu. "Anthu ena amasunga mpango wa malemu, Adadi. Mpango sudya theka la disiki."

Ndinamuuza maganizo amene ndinali nawo chiyambire Lolemba. Tikanatha kukonza zonse mwakachetechete, n'kuuza alamu kuti linali vuto la makina, mawu aatali achingerezi atatu kapena anayi. Alamu amaopa mawu aatali.

"Nanga mayi aja akulongedza makapu?"

"Mwina alamu angawakhululukire."

"Awakhululukire chiyani? Makeke?" Anatseka laputopu. "Mawa ndibwera ndi disiki yanga. Kalata ya amayi tiitulutsa. Koma Lachisanu mukanene nokha. Mukapanda kutero ndinena ine, ndipo ine ndilibe 'mwina'."

5

Lachinayi m'mawa anakopera mafayilo apansi penipeni aja, pamodzi ndi imene inasunga za pa sikirini, n'kuwaika pa disiki yake. Zinatenga maola atatu. Ndinawathera ndikukonza pulinta imene sinali yowonongeka.

Podutsa pa desiki yakutsogolo, mlembi anandiitana.

"A Mawaya, ndafufuta makeke onse. Seva yanu yapepukidwa? Kapena ndifufutenso chithunzi cha ana angachi, mwina ndi onenepa?"

Ndinati ndikufulumira.

Cha m'ma 2 koloko mwana wanga anadzutsa kope lija pa laputopu yake, kutali ndi seva. Sikirini inada, kenako inayera. Kawotchi kapakona kankati 12:40, Lachinayi. Kumbuyo kunali chithunzi cha maluwa ake a pakhonde, amene ndinawaumitsa mwezi woyamba. Kamzere kaja kanali kakuphethirabe, ngati mwini wake wangopita kukamwa madzi.

"Werenga iwe," ndinatero. "Magalasi ndaiwala."

"Ali pamphuno panu."

Komabe anawerenga.

"Amuna anga, ndaganiza zokulemberani chifukwa pakamwa zandikanika. Kunyumba ndikayamba nkhani mumati 'tiona'. Koma ndaona kuti madandaulo olembedwa a muno mu ofesi mumawayankha tsiku lomwelo, ngakhale a munthu amene waiwala kuyatsa soketi. Ndiye landirani dandaulo la wantchito wa desiki yakutsogolo.

"Choyamba, chitseko cha kubafa. Chaka chachitatu chino tikuchitsekera ndi ndowa.

"Chachiwiri, mwana wanu akuganiza kuti simumunyadira. Ine ndikudziwa kuti satifiketi yake munaichita fotokope, ndipo mumayenda nayo m'chikwama ngati chiphaso. Koma mwanayo si mneneri. Muuzeni ndi pakamwa, simufa.

"Chachitatu, mutu wangawu. Musayambe kuyang'ana kudenga. Adokotala anandiuza mwezi watha kuti"

Inathera pomwepo.

Panalibe mwamuna wina. Panalibe zochoka. Panali mkazi amene anafuna kundiuza kuti akudwala, ndipo anadziwa kuti njira yokhayo yondipezera ndi kukhala pamzere pamodzi ndi mapulinta.

Ine ndinali nditayamba kale kuwerenga matailosi, ndinadzigwira pa lachisanu ndi chiwiri.

"Chikwama," anatero mwana wanga, akutambasula dzanja.

Ndinamupatsa. Pepalalo linali litang'ambika m'mapindo, inki itayamba kufufuka. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakulembera kuti undiuze ndi pakamwa," ndinatero, kenako ndinazindikira kuti ndasokoneza. "Ndikutanthauza kuti anandilembera ine. Kuti ndikuuze iwe."

"Ndikudikira."

"Unandiposa, mwanawe. Kalekale. Ndimauza aliyense mumtima."

Anaseka, misozi ikutsika, n'kupukuta ndi mkono wa malaya ngati mmene ankachitira ali ku pulayimale.

"Nanga chitseko munakonza?"

"Ndowayo ikugwira bwino ntchito."

6

Lachisanu alamu anali atavala jekete yawo yochotsera anthu ntchito. Envelopu inali patebulo. Mlembi anakhala moongoka, katoni yake ili pamiyendo. Ndinapempha kuti chitseko chikhale chotsegula, popeza pomunamizira chinalinso chotsegula. Antchito sanachedwe kudzaza pakhomo.

Ndinanena zonse: maimelo obisidwa, malipoti openta, sinapushoti, kalata. Ndinazinena ngati ndikuwerenga mamita a magetsi, chifukwa njira ina sindiidziwa.

Alamu anavula magalasi.

"Bambo inu, mwasunga mlongo wanga mu seva yanga zaka ziwiri, osandiuza?"

"Lachinayi lake lokha, alamu."

"Ndipo za ine analembamo chiyani?"

"Palibe."

"Ndi yemweyo," anatero, akufunafuna kansalu m'thumba. "Moyo wake wonse sanandiikepo pa mndandanda."

Anang'amba envelopu ija pakati, nati mlembi abwezere makapu ake. Koma mlembi sananyamuke.

"Ndimve bwino, a Mawaya. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikulemba makalata pamwamba pa mayi?"

"Tingatero."

"N'chifukwa chake m'mawa uliwonse mumaima pa desiki yanga n'kumayang'ana sikirini ngati mwana wa njala? Ine ndinkayesa mukundifuna. Ndinafika pouza mchemwali wanga kuti andithandize mawu okukanirani mwaulemu."

Pakhomo wina anatsamwa ndi tiyi.

"Pepani, mayi. Ndinakulakwirani kwambiri."

"Ine mwandipepesa, ndamva. Koma sabata ino ana anga ndinawauza kuti mwina sukulu asintha. Wamng'onoyo sanadye masiku awiri. Zimenezo mulibe batani lake." Anaimirira, katoni ili m'manja. "Mukanandiuza tsiku loyamba, ndikanakuwerengerani kalatayo ine. Ndi ntchito yanga kuwerengera mabwana makalata amene akuwaopa."

Alamu sanandichotse ntchito. Anati kundichotsa kungakhale kundichitira chifundo. Pulani ija ojambula anaijambulanso milungu itatu, ndipo ine ndinkawaphikira tiyi ndi kumva maganizo awo onse okhudza ine. Mwana wanga amabwera mwezi uliwonse kudzaona seva, kenako timakadya limodzi. Maimelo a bakapu tsopano amapita kwa mlembi.

Batani lija ndinalidina ndekha Lachisanu lomwelo, anthu ataweruka. Mwana wanga anafuna kundisiyira kope la pa disiki yake. Ndinamuuza kuti asindikize kalatayo papepala, kopelo afufute. Seva inatenga maola asanu kumeza mapepala onse makumi atatu ndi awiri, ndipo itamaliza, theka la disiki linali mbee. Bakapu yotsatira inatheka, yobiriwira yokha popanda thandizo langa.

7

Owerenga, sindine munthu wopereka malangizo. Mwaona nokha kumene nzeru zanga zinandifikitsa. Ndingonena zimene ndinaona.

Ndinkaganiza kuti chinthu ukapanda kuchitsegula chimangokhala phee pamene unachisiya. Sichikhala. Chimadya malo tsiku lililonse, ndipo malowo si ako wekha. Anga anali a mayi wa ana awiri amene sanalakwe kanthu kupatula kuphika bwino, ndi a mwana amene anadikira zaka ziwiri zowonjezera kuti amve mawu ochepa chabe.

Ngati muli ndi kalata imene mukuiopa, m'dirowa, mu foni, kapena pamalo ena ochenjera ngati anga, iwerengeni. Mwina mudzapezamo zoopsa, sindikulonjeza. Ine ndinapezamo mkazi wanga akundinyoza mwachikondi, ndipo ndinadzimana zimenezo zaka ziwiri chifukwa cha mantha. Chiganizo chomaliza chija sadzachimaliza. Akanachimaliza pakhonde, ndi pakamwa, ndikanakhala munthu wosanena kuti "tiona".

M'mawa uliwonse ndikamalowa, mlembi amakweza mawu kuti ofesi yonse imve: "Bakapu yatheka, a Mawaya! Makeke sanaidye!" Ndimavula chipewa n'kudutsa. Ndi chilango choyenera, ndipo sichikuoneka kuti chidzatha.

Chitseko cha kubafa ndinachikonza Loweruka lotsatira. Chinafuna masikuluwu awiri ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ndinachitsegula ndi kuchitseka kangapo, m'nyumba muli zii, kenako ndinatenga kalata ija, n'kulemba pambali pa dandaulo loyamba mmene ndimalembera ku ntchito: "Zakonzedwa. Pepani pochedwa."